Tsiku Lolembedwa pa Cilolezo

Nkhani ya madzulo ano ndi ya kapepala kakang'ono, kopepuka koposa tsamba la fodya, koma kamene banja lonse la munthu wa paulendo litsamirapo. Ndi nkhani ya anchito a ku Harare, komanso ya abale ao otsala ku Dedza, ku Chipata ndi kwina, amene ayembekeza kwa iwo ndalama za sukulu ndi za feteleza. Pakuti kapepalako kakatha masiku, njala siigwa m'nyumba imodzi yokha.

Kumwera cakumadzulo kwa mzinda wa Harare, umene makolo ankaucha Halale, ndipo m'mabuku a Boma unali Salisbury kufikira caka ca 1982, kuli dera la mafakitale lochedwa Willowvale. Caka ca 1961 kampani ya Ford inatsegula kumeneko nyumba yaikuru yolumikiziramo magalimoto, ndipo mafakitale ena anandanda m'dera lomwelo. Malokeshoni a Highfield, Glen Norah ndi Glen View ali pafupi pomwepo, kotero kuti mbandakuca munthu aona khamu lirikutsikira ku nchito, ena pa njinga, ena m'makombi, ambiri pansi, ndipo pakati pa Cishona cao pamveka Cinyanja apa ndi apo. Koma Willowvale wa lero sali monga wa masiku a Ford. Mafakitale ena anatseka, ena agwira nchito mwa theka, ndipo eni dziko ofuna nchito acuruka koposa nchitoyo. Cifukwa cace Boma la Zimbabwe silifulumira kulola mlendo kuti alembedwe, ndipo wina asadabwe nazo, pakuti Boma la Malawi ndi la Zambia acita cimodzimodzi ndi alendo ao.

Mmalawi kapena Mzambia wodza kudzaceza safunsidwa viza pa cipata ca Nyamapanda kapena ca Chirundu. Amdindira masiku m'pasipoti, nalowa. Apa ndi pamene ambiri asokera. Cidindo ca mlendo woceza ndi ca kuceza basi, siciloleza munthu kugwira nchito ya malipiro. Wofuna nchito ayenera kukhala ndi cilolezo cina, cimene a Immigration acicha Temporary Employment Permit, ndipo anthu angoti pemiti. Cilolezoci cipemphedwa ndi wolemba nchito, amene ayenera kusonyeza kuti luso la mlendoyo lisowa pakati pa eni dziko. Cimangidwa pa kampani imodzi ndi pa nchito imodzi, ndipo palembedwa tsiku limene cidzatha. Mkazi ndi ana ang'ono aloledwa kukhala m'dziko cifukwa ca cilolezo ca bambo. Alibe tsinde laolao; akhala monga nyemba zoyanga pa phesi la cimanga, ndipo phesilo likathyoka nyemba zigwa nalo. Kumene wolembedwa nchito ndi mkazi, mwamuna ndiye ayanga pa iye, ngakhale amuna ena sakonda kuzimva.

Fanizo lithandiza. Womvera aganizire mmisiri wina wa makina, wa zaka 40, wocokera ku Dedza, wolembedwa pa fakitale ina ya ku Willowvale, amene akhala m'zipinda ziwiri za lendi ku Glen Norah pamodzi ndi mkazi wace ndi ana atatu. Cilolezo cace citha pa 30 June. Tsiku lina la mwezi wa February mkaziyo, pofunafuna kadi la sikelo la khanda m'cikwama ca mapepala, anatsegula pasipoti ya mwamuna wace, naiyang'ana nthawi yaitali. Madzulo, ana atagona, anaitula pa tebulo.

"Bambo a ana, kodi mwaliona tsiku ili?"

"Ndaliona, mai. June ali kutali, mvula siinathe n'komwe. Akuofesi adziwa nchito yao."

"Akuofesi ali ndi anchito mazana, koma ife tiri ndi inu nokha. Nanga pasipoti yomweyi, si ikutha mu August?"

Bamboyo anakhala cete, pakuti za pasipoti anali asanaziganize. Kawirikawiri m'nkhani zotere ayamba kuona ndi akazi, popeza ndiwo asunga cikwama.

Mkaziyo anakhudza pamene pali bvuto loyamba. Cilolezo cidalira pasipoti, ndipo pasipoti yotsala ndi masabata owerengeka siinyamula cilolezo catsopano. Apaulendo ozolowera adziwa kuti iyenera kutsala ndi miyezi 6 kapena kuposa. Tsono pasipoti siipangidwa ndi Boma la Zimbabwe. Icokera kwao kwa munthu, kudzera ku ofesi ya kazembe wa dziko lace mu Harare, ndipo iyenda ulendo wace wosafulumizika. Kuciyambi kwa caka ca 2024 kusindikiza mapasipoti ku Malawi kunaima masabata angapo, ndipo Pulezidenti Lazarus Chakwera anauza Nyumba ya Malamulo kuti akuba a pa intaneti anali atalowa m'makompyuta. Amene anapempha zao miyezi isanafike anangomva nkhaniyo pa wailesi. Amene anadikira sabata lomariza anasowa tulo, ndipo panalibe munthu womdandaulira.

Bvuto laciwiri ndi la ukwati, ndipo liyenera kunenedwa mofatsa. Kumudzi ukwati umangidwa ndi ankhoswe. Mbali ziwiri zakumana, nkhuku zaperekedwa, mudzi wonse unadya nsima, ndipo palibe munthu wokaika kuti uyu ndi mkazi wa uje. Malamulo a Malawi a caka ca 2015 abvomereza ukwati wa cikhalidwe cotere, naikanso njira yoti ulembedwe m'buku. Koma kalaliki wa ku Harare sanadye nao nsimayo. Iye sangathe kuitana ankhoswe kucokera ku Dedza. Cimene angathe kuika m'faelo ndi cikalata ca ukwati cokhala ndi cidindo. Sikuti apeputsa mwambo, koma kuti nchito yace ndi ya mapepala. Mai amene analowa m'dziko ngati woceza, nangokhala pa nyumba ya mwamuna wace osalembedwa pa cilolezo, ali kunja kwa lamulo ngakhale bamboyo ali nazo zonse m'manja. Ndipo mai wolembedwa bwino monga wotsagana ndi mwamuna akumbukire kuti kulembedwako ndi kwa kukhala, sikuli cilolezo ca nchito.

Pamodzi ndi ukwati payenda nkhani ya maina. Anthu a Cinyanja sasiyanitsa kwenikweni l ndi r, ndipo dzina limodzi lilembedwa Phiri pa pasipoti, Piri pa satifiketi ya umisiri, Pili pa kadi la ubatizo. Mwana wina alembedwa ndi mfunda wa atate wace ku cipatala, koma ku sukulu ndi dzina la agogo amene anamlera. Kumudzi zimenezi sizibvuta munthu. Pa ofesi cilembo cimodzi cikhoza kubweza faelo yonse, ndipo kukonza kwace kufuna kulumbira pamaso pa wa malamulo, ndi masiku enanso. Aphunzitsi amene alemba ana m'kaundula mwezi wa January akadacita cifundo cacikuru akadafunsa cikalata ca kubadwa poyamba, m'malo molemba monga khutu lamvera.

Ana ali ndi zao. Khanda lobadwira ku Harare liyenera kulembedwa m'buku la obadwa asanathe masiku 42. Ambiri aganiza kuti mwana wobadwira m'dziko ndiye nzika ya dzikolo, koma ku Zimbabwe siziri conco. Malamulo akuru a dziko a caka ca 2013 ati mwana wobadwiramo ndi nzika ngati atate kapena amai ace anali nzika, kapena ngati mmodzi wa agogo ace anali nzika mwa kubadwa kapena mwa mbumba. Khanda la mmisiri wa ku Dedza uja tsono ndi Mmalawi. Lifuna pasipoti yace, ndi kulembedwa pa mapepala a banja monga akuru ace. Mwana wa sukulu afuna cilolezo ca ophunzira. Ndipo mwana akakwanitsa zaka 18 malamulo amuwerenga wamkuru, ngakhale amai ace amtumabe ku cigayo; makolo anzeru afunsa za iye caka cisanafike, kuti asadzapezeke wopanda pogwira pakati pa mayeso.

Wolemba nchito ndiye apereka pempho, koma wanchito ndiye amva kuwawa likacedwa. Si mwano kupita kwa kalaliki wa kampani miyezi itatu kapena inai tsiku lisanafike, ndi kunena mwaulemu kuti, "Bwana, cilolezo canga citha mu June, ndabweretsa mapepala." Kuli bwino kulembanso kalata yaifupi ndi kusunga inzace. Pepala lirilonse loperekedwa likhale ndi cithunzi cace kunyumba, ndalama iriyonse yolipidwa ikhale ndi lisiti la Boma, ndipo pempho likalowa munthu afunse a Immigration eni ace kuti akhala bwanji pamene alikuyembekeza yankho, osadalira mau a m'kombi. Wopeza nchito yabwino pa fakitale ya tsidya lina la mseu asafulumire kutsazika, pakuti cilolezo sicioloka naye mseuwo. Kampani yatsopano iyenera kumpemphera cace.

Pali anthu ena oima pafupi ndi maofesi ndi m'malo okwerera mabasi, obvala bwino, odziwa maina a akuru onse, amene alonjeza cidindo tsiku lomwelo. Cidindo cao cioneka cokongola kufikira tsiku limene cifika m'manja mwa wodziwa, ndipo pamenepo wogwidwa ndi mwini pasipoti, wogulitsa uja atapita kale. Ena ayesa njira ina: masiku akatha akwera basi kunka ku Nyamapanda, naoloka, nabweranso ndi cidindo ca woceza. Cidindoco ncoona, koma sicisintha kanthu pa za nchito, ndipo mapeji a pasipoti yotere afotokoza okha mbiri yonse kwa wakuwerenga.

Tsiku likapitirira popanda pempho, munthu amene dzulo anali wanchito wolemekezeka asanduka wolakwira lamulo. Akhoza kumangidwa, kulipitsidwa faindi, kubwezedwa kwao, ndi kulembedwa m'gulu la oletsedwa kulowanso. Kampani iopa mlandu wace, nimcotsa. Lendi iima, ana aturuka m'sukulu pakati pa caka, katundu wa zaka khumi agulitsidwa pa mtengo wa nkhuku. Zonsezi zigwera anthu asanu cifukwa ca tsiku limodzi limene linalembedwa poyera, ndipo linadziwika kuyambira pamene cilolezo cinaperekedwa.

Womvera wina angati, "Nanga agogo athu anakhala bwanji ku Halale zaka zonsezo popanda mabvuto amenewa?" Yankho liri m'miseu ya Highfield, ya Mufakose ndi ya Mbare, kumene kukhala nkhalamba zodziwa nkhani ya mapepala koposa kalaliki aliyense. Zinadza ziri anyamata, ena pansi kudzera ku Tete, ena pa malole a Ulere, ena ndi Mthandizi, bungwe lolemba anchito limene Boma la Southern Rhodesia linakhazikitsa caka ca 1946. Ulendowu unayamba kale. Caka ca 1935 komiti ya Boma la Nyasaland inayerekeza kuti amuna 120,000 anali kunja kwa dziko. Maboma a maiko atatu anapangana ku Salisbury caka ca 1936, napangananso caka ca 1947, kuti wa paulendo ayende ndi citupa, abwerere kwao zitatha zaka ziwiri, ndi kuti gawo la malipiro ace lisungidwe kapena litumizidwe kumudzi. Ambiri sanabwerere, ndipo kwao anawacha macona. M'tauni lamulo la caka ca 1946 linamanga nyumba pa nchito: malo a banja anapatsidwa kwa wanchito amene mkazi wace anali wobvomerezedwa m'mabuku, ndipo nchito ikatha nyumba inatha nayo. Mai wa ku Glen Norah uja sali woyamba kuyanga pa pepala la mwamuna wace.

Pa zaka za Citaganya, kuyambira 1953, anthu a ku Nyasaland ndi Northern Rhodesia anakhala ndi kamthunzi. Lamulo la caka ca 1958 linatseka matauni akuru kwa ofuna nchito ocokera kunja kwa Citaganya, makamaka a ku dziko la Apwitikizi, koma iwo silinawakhudze. Pa 31 December 1963 Citaganya cinatha, ndipo kamthunziko kanapita naco. Anthuwo anakhalabe. Anakwatira, anabala ana, anamanga mipingo ndi mizikiti, anayambitsa mabungwe a maliro, ndipo gule wamkuru anaturuka m'malokeshoni monga aturukira ku Dowa. Pa zitupa za ambiri a iwo, ndi za ana ao omwe, panalembedwa liu lakuti ALIEN, ndiye kuti mlendo, koma popeza nchito inalipo ndi owerengeka okha amene analiganizira.

Tsiku lao linadza caka ca 2001. Lamulo la unzika linasinthidwa, niliti aliyense wokhala ndi unzika wa dziko lina aukane motsata malamulo a dzikolo m'miyezi 6, kufikira pa 6 January 2002, kapena ataye wa Zimbabwe. Ndipo olemba zitupa analigwiritsa nchito ngakhale pa ana a alendo obadwira m'dzikomo. Munthu wobadwira ku Highfield, amene sanaionepo nyanja ya Malawi, anauzidwa kuti akakane dziko limene linalibe dzina lace m'buku lirilonse. Ena sanamve, ena analibe ndalama, ena anafika pa mzere mocedwa. Tsikulo linapita, ndipo pa cisankho ca Pulezidenti ca mwezi wa March 2002 ambiri anapeza kuti sangabvote. Zaka 40 za thukuta m'mafakitale, m'migodi ndi m'mapulazi sizinasanduke pepala; ndi cinthu cowawa, ndipo cinagwera anthu amene sanalakwire munthu.

Malamulo akuru a caka ca 2013 anakonzako. Ndime 43 iti munthu wobadwira m'Zimbabwe asanafike 22 May 2013, amene kholo lace limodzi linali nzika ya dziko la m'bungwe la SADC, ndipo anali kukhala m'Zimbabwe pa tsikulo, ndi nzika mwa kubadwa. Mdzukulu wa mcona wotere safuna cilolezo ca nchito konse. Cimene afuna ndi kupita ku ofesi ya zitupa ndi cikalata cace ca kubadwa, kuti liu lija lifafanizidwe. Wina asasokoneze njira ziwirizi, pakuti ofesi zace nzosiyana. Ku Malawi nako Nyumba ya Malamulo inabvomereza caka ca 2018 kuti munthu akhale ndi unzika wa maiko awiri. Koma amene makolo ao anamwalira osasiya pepala lirilonse anatsalabe m'mbuyo. Caka ca 2021 bungwe la Amnesty International, potsata ciwerengero ca UNHCR, linati anthu pafupifupi 300,000 m'Zimbabwe anali pa ngozi yokhala opanda dziko, ndipo gawo lina la iwo ndi ana ndi adzukulu a anchito a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique.

Eni dziko a Zimbabwe aidziwanso nkhawa imeneyi. Abale ao pafupifupi 178,000 a ku South Africa anakhala zaka zambiri pa cilolezo capadera cochedwa Zimbabwe Exemption Permit. Caka ca 2021 Boma la kumeneko linati siliciwonjezeranso, ndipo anthuwo anakhala ali m'mwamba kufikira bwalo lalikuru la milandu la ku Pretoria linagamula, mu June 2023, kuti cigamulo ca Bomalo sicinayende mwa lamulo. Mnansi wa Cishona wa ku Glen Norah, amene mwana wace agwira nchito ku Johannesburg, sadzaseka mlendo wowerenga masiku.

Mmisiri wa ku Dedza uja anamvera mkazi wace. Sabata loyamba la March anapempha pasipoti yatsopano, napita kwa kalaliki wa fakitale ndi kalata yace. Pa chuthi ca Paskha iye ndi mkaziyo anakwera basi ya ku Nyamapanda, naoloka Zambezi pa mlato wa ku Tete, nalowa kwao pa cipata ca Dedza. Anatenga ankhoswe a mbali zonse ziwiri, nakalembetsa ku boma ukwati wao wa zaka 19. Amalume a mkaziyo anang'ung'udza njira yonse, nati, "Kodi ife tinamanga ukwati wa masewera?" Koma cala anadinda. Pobwerera anapeza kuti dzina la mwana waciwiri linasiyana pa mapepala awiri, ndipo kukonza kwace kunadya masabata atatu. Pasipoti inafika mu May, pempho linalowa mwezi womwewo, ndipo cilolezo cinaturuka June asanathe, maina onse asanu ali m'mabuku.

Pa 30 June bamboyo anakwera njinga mbandakuca, natsikira ku Willowvale pamodzi ndi anzace. Mkazi wace anabweza mapepala m'cikwama, natenga pensulo, nalemba kumbuyo kwa kalendala tsiku lina: la mwezi wa February caka camawa, pamene mwana wao woyamba adzakwanitsa zaka 18.